Tikunjenjemera

A Telala anali munthu wolowetsa ulusi pa singano akuyang'ana kumbali, uku akukangana ndi kasitomala za kutalika kwa buluku. Nsalu zonse za paguwa m'tchalitchi cha parishi yawo anasoka ndi iwo, ndi zovala za ansembe zomwe, ndipo ankakonda kudzitama kuti ansembe amabwera n'kupita koma misoko yawo idakali pomwepo. Ndiye matenda akafuna kunyoza munthu amadziwa pogwira. Miyendo anaisiya, maso anawasiya, n'kukawagwira a Telala manja.

Kunjenjemerako kunayamba ndi chala chachikulu, kenako dzanja lonse, kenako manja onse awiri, mpaka makina osokera anavundikiridwa ndi nsalu n'kukankhiridwa pakona ya pabalaza. Mwana wawo wamkazi wotsiriza, amene aliyense ankangomutchula kuti Mzime ngakhale tsopano anali ndi imvi zakezake, ndiye ankakhala nawo chimwalirire amayi ake. Mzime ankagwira ntchito ku labotale ya chipatala, yoyeza magazi, makhololo ndi zina zija anthu amabwera nazo m'timabotolo atabisa kumbuyo. M'mawa asanapite ku ntchito ankawathirira bambo ake tiyi theka la kapu, chifukwa kapu yodzadza inkathera pa malaya.

Ku tchalitchi Mzime ankapita, koma tinene zoona, ankapita ngati ndodo ya bambo ake. Sikuti anali wosakhulupirira. Kungoti munthu amene amakhalira kuuza anthu kuti malungo mulibe, pamene eni ake abwera atatsimikiza kale kuti ndi malungo, amazolowera kunena kuti tione kaye.

Lamulungu lina kutagwa mvula, a Telala anaima pamzere wa olandira Ukaristia, Mzime ali pambuyo pawo. Anali atawapempha kangapo kuti azingolandirira pa lilime, koma iwo ankakana, ati si khanda iwo loti lizidyetsedwa. Anatambasula manja, lamanzere pamwamba pa lamanja monga mwa nthawi zonse. Bambo Mfumu, wansembe wamkulu wa parishiyo, anati, "Thupi la Khristu." A Telala anayankha kuti Amen, ndipo mkate woyerawo utangokhudza chikhatho, dzanja linadumpha lokha. Ukaristia unagunda pa nsapato ya wansembe, n'kugubuduzika pa simenti mpaka unakagona pafupi ndi mwendo wa benchi, pamene panali matope a nsapato za anthu.

Kwaya inapitiriza kuimba, koma a m'mabenchi a kutsogolo anaona zonse. Bambo Mfumu, munthu wamfupi wosachedwa kutuluka thukuta, anagwada, anautola, anaona kuti wadetsedwa, n'kukauika pa kansalu koyera paguwa. Anatenga wina kuti awapatse a Telala. Koma a Telala anali atatembenuka kale, manja atawapanira m'khwapa, akubwerera kumalo kwawo.

Mpingo uli ndi njira yake pa zoterezi. Ukaristia ukagwa n'kudetsedwa moti sungadyeke, sautaya. Amauika m'kambale ka madzi n'kukatsekera m'kabati ya m'sakristiya, chipinda chija ansembe amavaliramo, kuti usungunuke wokha, ndipo ukasungunuka madziwo amakawathira m'nthaka pamalo posapondedwa. Bambo Mfumu anachita zomwezo, kenako anabwera kunyumba kudzawauza a Telala kuti ngozi si tchimo. A Telala anagwedeza mutu. Koma mutu wawo unkagwedezeka kale wokha masiku amenewo, ndiye panalibe wodziwa ngati avomeradi.

Patapita masiku, Bambo Mfumu anatsegula kabati ija kuti akathire madzi. Anapeza mkate usanasungunuke wonse, pakati pake pali banga lofiira psuu. Anatseka kabati msanga, koma mayi wochapa nsalu za paguwa anali ataima pambuyo pawo, ndipo dzuwa lisanapendeke nkhani inali mkamwamkamwa kuti Ukaristia watuluka magazi.

Azakhali ake a Mzime, mlongo wawo wa a Telala, ndiwo ankatsogolera gulu la amayi opemphera kolona. Anali mayi wabwino, woyamba kufika pamene pali wodwala ndi wotsiriza kuchokapo. Vuto lawo linali limodzi: ankalota, ndipo maloto awo sankagona nawo kawiri asanawanene. Anatulukira kunyumba kwa achimwene awo Mzime atangofika kuchokera ku ntchito, maso atatupa.

"Achimwene, ndawaona Ambuye," anatero asanakhale n'komwe pansi. "Kutulo. Anaima pakhomo pa tchalitchi, magazi akuyenderera m'manja, ndipo anangonena mawu amodzi. Ati, 'Andigwetsa.'"

"Azakhali, ndikuthirireni tiyi?" anafunsa Mzime.

"Sindinabwerere tiyi, mwana wanga. Ndipo ine sindikuloza munthu chala. Ndikungonena zimene ndauzidwa."

Sanaloze chala, n'zoona. Koma m'parishi monse munthu wogwetsa anali mmodzi. A Telala anayang'ana manja awo ali njenjenje pa maondo, n'kufunsa motsitsa mawu ngati Ambuye ankaoneka okwiya.

"Okwiya ayi," anatero azakhali, n'kuyamba kulira. "Ankaoneka omva kuwawa."

Bola akanati okwiya, chifukwa wokwiya umamupepesa nkhani n'kutha. Kuyambira tsiku limenelo a Telala analeka kupita ku tchalitchi, ndipo posakhalitsa anayamba kukankhira mbale kutali. Mzime akawanyengerera, ankamuyankha kuti manja amene avulaza Ambuye sangamanyamulenso chakudya kupita nacho pakamwa ngati palibe chachitika. Akati awadyetse yekha ndi supuni, ankatseka milomo. Malaya anayamba kulendewera m'mapewa, lamba anafunika bowo lina, ndipo mapiritsi awo, amene ankafuna kumwera chakudya, ankangowapotokola m'mimba. Bambo Mfumu atabwera ndi Ukaristia kunyumba, monga amachitira ndi odwala, a Telala anatembenukira kukhoma.

"Bwererani nawo, Bambo Mfumu. Ndinawavulaza kamodzi, kwakwana."

Mzime anali munthu wa kuchipatala, ndipo ankadziwa kumene njira yotereyi imakathera. Bambo ake akanafa, ndipo akanafa akudziyesa munthu amene anakhetsa magazi a Mulungu wake. Ankachita mantha, ndipo manthawo ankatuluka ngati ukali, moti mbale ankazitsuka ngati zamulakwira.

Ku tchalitchi nako kunali kutasintha. Anthu ankabwera pa mabasi ndi pa malole, ena atanyamula odwala, n'kumagwada panja pa zenera la sakristiya, kuyatsa makandulo ndi kujambula khoma ndi mafoni. Bambo Mfumu ankakana kutsegula kabati, ndipo ena anayamba kunong'ona kuti wansembe ameneyu sukulu inamudyera chikhulupiriro. Tsiku lina masana wansembeyo anamuitanitsa Mzime, n'kumulowetsa m'sakristiya kudzera khomo la kumbuyo.

"Ambuye Episkopi anena kuti kabatiyi isatsegulidwe kwa anthu mpaka akatswiri awo abwere," anatero wansembeyo, "ndipo akatswiri a Ambuye Episkopi sayenda ndi liwiro. Koma andilola kuti munthu wodziwa atengeko kadontho ka madziwa, ationere poyamba. Ndaganiza za inu."

"Ine ndine mwana wa wogwetsa uja, Bambo Mfumu. Ndikanena kuti si magazi, adzati ndikuikira kumbuyo bambo anga."

"Adzaterodi. Nanga mukapeza kuti ndi magazi?"

Mzime anawafunsa kuti iwowo akuganiza kuti n'chiyani.

Bambo Mfumu anapukuta thukuta pa dazi. "Sindikudziwa. Mulungu akafuna kuchita zake sadzapempha chilolezo kwa ine. Koma Mpingo unapsapo kale pa nkhani ngati izi, n'chifukwa chake umayamba wafunsa wokha mafunso onse amene wosakhulupirira angafunse. Za maloto a azakhali anu, ngakhale atakhala oona, palibe mkhristu amene amakakamizidwa kuwakhulupirira. Ndawauza bambo anu zimenezi. Andiyankha kuti maloto angathe kuwakana, nanga magaziwo awakana bwanji." Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa. "Chimene chimandiwawa ine n'chakuti m'mawa uliwonse ndimanyamula mkate womwewu n'kunena kuti ili ndi Thupi, m'tchalitchi muli zii, muli nkhalamba zochepa ndi mpheta za kudenga. Lero wafiira, mabasi akusowa poima."

Anatsegula kabati, n'kutulutsa kambale ka galasi ndi manja awiri, n'kukaika patebulo pamene dzuwa la pa zenera linkafika.

Mzime anali atakonzeka kuona chinthu chowola. Anali atavala magolovesi, nkhope ataiumitsa ngati ya ku ntchito. Koma chimene chinali m'madzimo sichinali chowola ayi. Mkatewo unali utatupa, m'mbali mwake mukuyera ngati thonje lonyowa, ndipo pakati pake panali kufiira kwamoyo, kozama, timizere tating'ono tikuchokera pamenepo kulowa m'madzi ngati timitsempha ta m'diso. Magazi iye ankawaona tsiku ndi tsiku, ndipo mutu wake unalankhula msanga kuti magazi okhalitsa amada, awa sanade, ndiye si magazi. Koma mutu womwewo unabwereza n'kufunsa kuti nanga ngati sakuda chifukwa mwini wake ndi wamoyo? Thupi lonse linachita tsemwe. Sanadziwe kuti wagwada nthawi yanji, anangomva kuzizira kwa simenti m'maondo.

Atadzuka kuti atenge kadontho kaja, dzanja lake, limene linkapeza mtsempha ngakhale pa mkono wa khanda, linkanjenjemera. Anamva pakamwa pake pakutuluka mawu akuti pepani, ndipo Bambo Mfumu anayang'ana kumbali ngati sanamve.

Labotale yawo inali chipinda chachitali chonunkha mankhwala ophera tizilombo, chokhala ndi sinki yodontha, firiji yolira usana wonse, ndi maikulosikopu, makina aja oonera tinthu tosaoneka ndi maso, ili pafupi ndi zenera. Mzime anadikira kuti anzake apite kukadya. Anadontheza madzi aja pa kagalasi, anavundikira ndi kagalasi kena kopyapyala, n'kuika diso. Timbale ting'onoting'ono timene timapanga magazi ankatidziwa ngati nkhope za abale ake, tozungulira, tolowa pakati. Anasakasaka kagalasi konse, uku ndi uku, osapeza ngakhale kamodzi. Anathira mankhwala amene amasintha mtundu akakumana ndi magazi, sanasinthe. Chimene chinalipo chinali chigulu cha tizilombo tating'onoting'ono tosawerengeka, tonga timitengo tatifupi, tonse tikugwedezeka pamalo pamodzi.

Kuti atsimikize, anatenga kambale kokhala ndi chakudya choumbika chimene amaweterapo tizilombo, anaviika kawaya m'madzi aja, n'kukoka mzere wokhotakhota pamwamba pake monga ankachitira ndi zoyeza zonse. Anatseka, n'kuika pa shelefu. Patapita masiku ochepa mzere uja, umene poyamba sunkaoneka n'komwe, unali utafiira psuu, kufiira komwe kuja kwa m'sakristiya.

Ankayembekezera kuti akondwa. Koma anangokhala pa mpando wake n'kumva chisoni chimene sanachiitane, ngati munthu amene wasesa nyumba n'kuyala nsalu yatsopano patebulo, kenako n'kumva kuti mlendo sabwera. Anadabwa kuzindikira kuti naye, wa tione kaye uja, ankafuna ndithu kuti akhale magazi. Anaimbira foni Bambo Mfumu n'kuwauza zonse.

"Zikomo, mayi," anatero wansembeyo. "Mawu otsiriza tidikira akatswiri. Koma bambo anu sangadikire nawo."

Kunyumba nkhaniyo sinaphule kanthu. A Telala anamvetsera atagona chagada, maso ali kudenga, kenako anati, "Iwe Mzime, ndinakulera ndine. Ukundinyengerera ngati mwana wokana mankhwala. Anthu ophunzira mumapeza dzina la chilichonse, mukatero mumati mwathana nacho."

"Ababa, sindikunama."

"Sindinati ukunama. Ndati umandikonda."

Pamenepo Mzime anaona kuti mawu atha ntchito. Tsiku loti a Telala akaonedwe ndi dokotala wawo litafika, anawakweza pa njinga ya odwala ya pachipatalapo, chifukwa miyendo inali itayamba kukana, ndipo atatuluka kwa dokotala anawakhotetsera ku labotale. Azakhali anali nawo limodzi, poti panalibe wodwala m'banjamo amene anapitapo kuchipatala iwo n'kutsala. Inali nthawi ya chakudya chamasana, m'chipindamo munali firiji yokha ikulira.

Mzime anatenga kambale kaja pa shelefu, kotseka bwinobwino, n'kukagwira pamaso pa bambo ake. A Telala anayang'ana mzere wofiira wokhotakhota uja nthawi yaitali.

"Wasoka ndani zimenezi?" anafunsa.

"Ndine, Ababa."

"Zigizagi wake ndi wa munthu wophunzira kumene. Ngodya zake sizikufanana." Aka kanali koyamba chiyambire nkhaniyi kuti alankhule ngati a Telala. "Koma ulusiwu ndi womwe uja?"

"Ndi womwewo. Ndinangoviika kawaya m'madzi a m'sakristiya n'kulemba apa. Magazi sachuluka okha m'mbale, Ababa. Izi zachuluka zokha."

Azakhali anali ataima chapatali, chikwama atachikumbatira pachifuwa. "Ndiye ukufuna kundiuza kuti ndinalota bodza?"

"Maloto sindiyeza, azakhali. Ine ndayeza madzi."

Anakonza kagalasi katsopano, anatsitsa mpando, n'kuwasendeza bambo ake pafupi ndi maikulosikopu. Mutu wawo unkagwedezeka moti diso silinkakhazikika pa makinawo, ndiye Mzime anaima pambuyo pawo n'kuwagwira mutu ndi manja awiri, monga iwo ankamugwirira ali mwana kuti aime mowongoka pomuyeza yunifomu.

"Ndikungoona fumbi," anatero a Telala.

"Dikirani." Anapotokola pang'ono kachitsulo ka pambali.

A Telala anasendeza diso pafupi. Mzime anamva m'zikhatho zake kuti nsagwada zawo zamasuka.

"Tikuyenda," ananong'ona.

"N'tamoyo, Ababa. Timakhala m'dothi, m'madzi, m'matope a nsapato. Tikapeza chakudya chonyowa cha ufa wa tirigu timaswana. Kamodzi pakokha kalibe mtundu, koma tikachuluka timafiira."

"Zonsezi m'kadontho kamodzi?"

"M'kadontho kamodzi muli tambiri kuposa anthu amene munawasokerapo zovala."

"Mulungu wanga," anatero a Telala, osati ngati munthu wodandaula. Anayang'anabe. "Ndiye pa Ukaristia paja tinkatani?"

"Tinkadya."

A Telala anachotsa diso pa makina, n'kutembenuka pang'onopang'ono kuti amuone mwana wawo.

"Tinkadya," anabwereza. "Ukunena ndani, mayi? Tizilomboti kapena ife?"

Mzime anatsegula pakamwa kuti ayankhe, n'kuona kuti mawuwo ndi amodzi omwewo, ndipo zonse zimene wakhala akunena, zoti timakhala m'dothi, timaswana, kamodzi pakokha kalibe mtundu, zikanatha kunenedwa ndi munthu wokamba za anthu. Tsemwe lija la m'sakristiya linamubwereranso, pakati pa mabotolo ndi fungo la mankhwala, pamalo pamene ankaganiza kuti palibe chingamudabwitse.

A Telala anabwezera diso pa makina. "Tosabatizidwa," ankalankhula okha. "Tosalapa. Tochokera ku nsapato za anthu. Tafika patebulo la Ambuye n'kuyamba kudya, Iwo ali chete." Kenako anaseka, kuseka kotuluka ndi misozi. "Mlongo, tabwera udzaone. Tikunjenjemera. Tonse, palibe kamene kaima phee. Tikunjenjemera ngati ine."

Azakhali anabwera monyinyirika, anachita chizindikiro cha mtanda ngati akulowa m'tchalitchi, n'kuwerama. Anakhalitsa kuposa mmene Mzime ankaganizira. Atadzuka nkhope yawo inali ya munthu amene waona zinthu, koma kugonja ayi.

"Chabwino, ndi tizilombo," anatero. "Nanga tizilomboto anatilenga ndani? Anatiuza ndani kuti tifiire, osati tibiriwire? Ndipo bwanji pa Ukaristia, osati pa buledi wa kunyumba kwako?"

"Pa buledi timameranso, azakhali, kungoti buledi wotero timataya osayang'ana. Koma za amene anatiuza, makina angawa sayankha."

"Basi, usamayankhe zimene sukudziwa," anatero azakhali, ndipo anaoneka okhutira.

A Telala anali akuyang'ana manja awo, monga anawayang'anira tsiku la maloto lija, koma mosiyana. "Ine ndimati ndawavulaza," anatero. "Koma taganizani. Munthu wolola kugona pa simenti, kuviikidwa m'madzi, kutsekeredwa m'kabati, mpaka kudyedwa ndi tinthu tosaoneka n'komwe, osadandaula. Ameneyo angakhumudwe ndi manja a telala wokalamba? Kutsika anakuzolowera kalekale."

"Koma anati 'Andigwetsa,' achimwene. Ndinamva ndi makutu angawa."

"Sindikukana. Koma iwe kuyambira uli mwana sudikira kuti munthu amalize kulankhula. Unadzuka msanga kuti udzatiuze. Mwina ankati, andigwetsa, nanga bwanji sakubweranso kudzanditenga?"

Azakhali anakhala pa mpando wa Mzime n'kuphimba nkhope ndi mpango, ndipo mapewa awo anagwedezeka nthawi yaitali. Potuluka pa geti ya chipatala a Telala ananena kuti akumva njala, n'kufunsa ngati pafupi pali pogulitsa buledi wosamera tizilombo.

Lamulungu lotsatira Bambo Mfumu analengeza m'tchalitchi zimene zapezeka poyamba, ndi kuti mawu otsiriza adzachokera kwa Ambuye Episkopi. Ena anapsa mtima, ndipo monga Mzime ananenera, zinamveka kuti mwana wa wogwetsa sakanapeza china. Ena anapitiriza kugwada pa zenera lija, ndipo palibe anawathamangitsa. Koma mabasi anayamba kuchepa, makandulo anatha, ndipo udzu umene unapondedwa unayamba kudzuka. Bambo Mfumu anayesanso kuwafotokozera a Telala kuti, malinga ndi chiphunzitso, mkate ukaleka kukhala mkate Ambuye sakhalamonso, ndiye za tizilombo todya Ambuye asazitengere patali. A Telala anamvetsera mwaulemu, n'kunena kuti zimenezo n'za ansembe, koma pamene tinkayamba kudya unali udakali mkate. Wansembeyo anapukuta dazi n'kusiya nkhaniyo pomwepo.

Miyendo itabwerera mphamvu, a Telala anasankha Misa ya m'mawa ya pakati pa sabata, ija ya nkhalamba zochepa ndi mpheta za kudenga. Anavala jekete limene anadzisokera okha manja adakali awo. Mzime anakhala nawo pa benchi ya kutsogolo atavala kale za ku ntchito, ndipo azakhali anakhala mbali inayo ndi kolona wawo.

Pamene Bambo Mfumu ananyamula mkate m'mwamba, Mzime anauyang'ana monga sanauyang'anepo chibadwire. Unali woyera, wopanda banga, wopanda chilichonse choti munthu angajambule ndi foni. Iye ankadziwa kuti atauika pa kagalasi angapeze ufa wa tirigu ndi madzi basi. Komabe anachita mantha, mantha abwino, oti chinthu chachikulu chotere chingadzichepetse mpaka makina ake osachipeza.

Nthawi yolandira itakwana, anawadzutsa bambo ake n'kuwanong'oneza kuti, "Pa lilime, Ababa, chonde."

A Telala anafika kutsogolo n'kutambasula manja, lamanzere pamwamba pa lamanja. Ankanjenjemera kuposa tsiku lija, moti mabatani a pa mkono wa jekete ankagundana. Bambo Mfumu anaima ndi Ukaristia pakati pa zala, akuyang'ana manjawo, kenako Mzime, thukuta lili kamukamu pamphumi.

Mzime analowetsa manja ake pansi pa manja a bambo ake. Ankafuna kuwalimbitsa, koma anapeza kuti akenso sakukhazikika. Kenako anamva manja ena ofunda, okhakhala, akulowa pansi pa ake, kolona akulendewera pa chala. Azakhali anali atabwera osaitanidwa, monga mwa chizolowezi chawo, ndipo awonso ankagwedezeka.

A Telala anayang'ana mulu wa manjawo, n'kunong'ona mawu amodzi oti awiriwo okha amve.

"Tikunjenjemera."

"Thupi la Khristu," anatero Bambo Mfumu.

"Amen."

Mkatewo unatera pa chikhatho, wopepuka ngati kachidutswa ka nsalu kotsala pa sizasi. Unagwedezeka nawo limodzi, koma sunagwe. Manja onsewo anakwera pamodzi mpaka pakamwa, ndipo a Telala anatseka maso n'kudya pang'onopang'ono, ngati munthu amene wakhala ndi njala nthawi yaitali.